Mzere wakuda m'chitsulo cha mwendo wa ndege

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin yokhala ndi mpando wangawanga inali yodula zitsulo n'kumazisuzumira m'kati. Ndinali nditatha zaka zisanu ndi ziwiri ndikusambitsa ndi kudyetsa okalamba m'nyumba zawo, kwinaku ndikuphunzira madzulo, ndiye tsiku limene anandipatsa jasi yoyera n'kundilozera labu, ndinayamba ndalowa kuchimbudzi kukadziyang'ana pagalasi. Kampaniyo inali kuseri kwa bwalo la ndege, kumene basi imakutula pamphepo n'kuthawa, ndipo inkakonza ziwalo za ndege zimene zatha. Anandilemba mondiyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndikakhoza, andipatsa chidindo chokhala ndi nambala yanga, chodindira malipoti. Ndikalephera, ndibwerera kwa okalamba anga, amene ndinali nditawatsanzika kale monyada, wina mpaka kumusiyira chitenje.

Kwathu ndinaphunzitsapo sayansi pa sekondale ina yoyendera ku Ntcheu. Ndinkajambula maikulosikopu pabolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza mayina a ziwalo zake zonse, pomwe yeniyeniyo tinali nayo imodzi yokha, yopanda galasi loikapo diso, yokhomeredwa m'kabati ya ahedi. Ndiye musandiseke ndikanena kuti masabata oyambirira ku labu ndinkaiwala kudya. Nsangweji yanga inkabwerera kunyumba m'chikwama momwe inapitira.

Ntchito ya kampaniyo inali yotere. Mwendo wa ndege, uja umatuluka ndi matayala ndege ikamatera, uli ndi zitsulo zimene zimadyeka kapena kugwidwa dzimbiri. Kale ankangozitaya. Masiku ano amapala malo odyekawo, n'kuwadzazanso ndi chitsulo chatsopano pogwiritsa ntchito laser. Kuwala kwa laser kumasungunula kadontho pamwamba pa chitsulo, kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo kapaipi kamauzira ufa wachitsulo m'kadonthomo. Mutu wa makina umayenda mzere ndi mzere mpaka kuyala chitsulo chatsopano pamalo ponse. Chimenecho timati leya imodzi. Ikatha, umayamba ina pamwamba pake, mpaka dzenje litadzaza.

Vuto lake ndi lakuti kadonthoko kamazizira mothamanga kwambiri, ndipo chitsulo cha miyendo ya ndege chikazizira mothamanga chimauma gwa. Kuuma ndi kulimba n'zosiyana. Botolo ndi louma, koma taligwetsani pasimenti muone. Mwendo wa ndege umafuna chitsulo chotha kulandira nkhonya m'mawa ndi madzulo osang'aluka. Pa nthawi imene ndinkayamba, ziwalo zenizeni tinali tisanazikhudze. Kampani inkayesa kaye njira yake pa tizidutswa toyesera, kalikonse ka maleya anayi, kuti oyang'anira za ndege aivomereze.

Kachidutswa kalikonse kankafika m'manja mwanga. Ndinkakadula pakati, n'kukaumbira m'pulasitiki yakuda kuti kagwirike, n'kukakwecha pa sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, kenako pansalu, mpaka nkhope yanga itaonekamo. Ndikatero ndinkadonthezapo asidi wochepa mphamvu, n'kuwerenga mumtima, n'kutsuka, n'kuumitsa. Galasi lija linkachita mbuu, ndipo pamenepo m'pamene chitsulo chinkaulula za m'kati mwake.

Tsiku loyamba kusuzumira ndinafuula ndekhandekha kuti, "Mayo ine!" Ndinkayesa chitsulo ndi chinthu chimodzi chogwirana ngati sopo. Ayi ndithu. M'kati mwake munali timasingano tosawerengeka, topingasana uku ndi uku ngati udzu umene ng'ombe zagonapo. Ainjiniya amatitcha matensaiti. Timasingano tikangobadwa kumene timakhala touma, asidi satiluma kwenikweni, ndipo timaoneka toyera. Tikatenthedwanso pang'ono timafewa, timalimba, asidi n'kutidetsa. Ndiye kuweruza kwake kunali kosavuta: kuyera n'kulephera, kuda n'kukhoza. Pofuna umboni ndinkadinda chitsulocho ndi kansonga ka dayamondi n'kuyeza kukula kwa chipsera. Chipsera chaching'ono chinkatanthauza chitsulo chouma.

Tizidutswa ndinkakatenga pansi, kuchipinda cha laser, kwa bambo wina wa ku Ballymun amene ankayendetsa makinawo. Anali wamtali, wowerama mapewa, atagwira ntchito za ndege zaka zoposa makumi atatu, ndipo anali atatsala ndi chaka ndi theka kuti apume. Pakamwa pawo panali posatseka. Ankatukwana makina, boma, mvula ndi timu yawo ya mpira mwakamodzi, osapumira. Kutchalitchi ankati anasiya kalekale, amangopitako kukakhala maliro. Ine ndinkawatchula kuti bambo, m'Chichewa momwemo, ndipo atafunsa tanthauzo lake anakondwa kwambiri mpaka kulilemba pa kapu yawo ya tiyi.

Sabata yachiwiri ndinatsika thwelofu koloko itatsala pang'ono. Pashelefu panali kawailesi kodzaza fumbi, ndipo kanayamba kuliza belu, lija amaliza pawailesi masana aliwonse kuno, la pemphero la Anjelusi. Bambo aja anavula kapusi, natsinzina. Ine pakamwa panga panangoyamba pokha, m'Chichewa, monga ankatichititsira masisitere kusukulu yogonera. Iwo ankanena m'Chingerezi, ine n'kumayankha m'chinenero changa, ndipo tinakafika pa ameni limodzi.

"Ndimayesa munasiya zopemphera, bambo," ndinawaseka.

"Ndinasiya kumene," anatero akuvala kapusi. "Izi si zopemphera. Mayi anga ankatimenya ndi chipande tikatafuna belu likulira. Anamwalira kalekale, koma chipande chija sindichikhulupirira kuti chinapita nawo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkatsika masana aliwonse nthawi yomweyo. M'nyumba yonse ija ya anthu othamanga ndi mapepala, amenewo anali malo okhawo amene ndinkaima osamva ngati mlendo.

Tsopano nkhani ya mzere wakuda. Tizidutswa tambiri tinkatuluka toyera kuyambira pansi mpaka pamwamba, kutanthauza kuti njira ya kampani inali isanapsa. Zimenezo zinali mutu wa ainjiniya, osati wanga. Koma pa tizidutswa khumi, kamodzi kapena tiwiri tinkakhala ndi mzere wakuda bii wodutsa chopingasa, chitsulo chofewa bwino, chenicheni chimene aliyense ankachifuna. Chodabwitsa n'chakuti mzerewo sunkakhala malo amodzi. Lero uli pansi, pamene chitsulo chatsopano chakumana ndi chakale. Mawa uli pakati. Tsiku lina uli chakumwamba. Makina omwewo, ufa womwewo, pulogalamu yomweyo, munthu yemweyo. Ndinkaujambula, n'kumata zithunzizo pakhoma, n'kumaziyang'ana ndikumwa tiyi. Sindinachite mantha ngakhale pang'ono. Ndinkangomva kukoma, ngati munthu amene watola chinthu panjira osadziwa kuti n'chiyani.

Injiniya wathu anali mtsikana wa ku Cork, wanzeru, wolankhula mothamanga ngati akuthawa mvula. Poyamba naye anasangalala ndi mzerewo. Atalephera kuupezera chifukwa, anayamba kundiyang'ana m'manja. Chimpeni chodulira chitsulo chikathamanga kwambiri kapena madzi oziziritsa akachepa, chimatha kuwotcha kachidutswa n'kusiya mzere wakuda wabodza. Munthu watsopano ndi amene amalakwitsa zotere, ndipo watsopano ndinali ine.

Anthu a kuno sakuuza kuti walakwa. Amati, "Mwina tingoyang'ananso limodzi mmene mumadulira." Ine ndi bwino munthu andikalipire ndidziwe pamene ndaima. Ulemu umenewo unkandipsetsa mtima mpaka makutu kutentha. Ndinadula pang'onopang'ono, madzi akuchita kusefukira, mzere uli pomwepo. Ndinakwecha mbali ina ya kachidutswa komweko, mzere uli pomwepo. Ndinamuonetsa. Anagwedeza mutu mwachifundo, nati mbali zonse ziwirizo zadutsa pa chimpeni chimodzi ndi manja amodzi.

Mwezi wachisanu anapanga tizidutswa titatu m'mawa wa tsiku lina n'kutitumiza ku labu yakunja, osandidutsitsa. Tonse titatu tinabwera toyera, opanda mzere. Injiniya anandiitana, natseka chitseko, nandiuza mofatsa kuti Lachisanu la sabata yotsatira tikhala pansi ndi akuluakulu kukambirana za tsogolo langa. Anandifunsanso ngati ndikufuna madzi akumwa.

Ndinkakhala ku Tyrrelstown ndi achemwali anga, amene ndi namwino pa chipatala cha ku Beaumont. Lamulungu limenelo ndinawafotokozera akusita yunifolomu.

"Iwe, akakutsekera door n'kukufunsa za madzi ndiye kuti yatha," anatero. "Yamba kuimbira ma agency a care, usachite manyazi."

"Achemwali, mzerewo ndi weniweni. Sindikuwotcha ine."

"Ndiye ukubwera bwanji?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndili pano kuonerera mukupsereza kolala?"

Anakweza simbi msanga, nanditukwana pang'ono. Kenako anati, "Ku ward kwathu patient akamadwalika masiku ena, ena ayi, sitiyang'ana mankhwala okha. Timayang'ana time. Zachitika what time, ndipo pa time imeneyo pamachitika chiyani. Iwe wakhala ukuyang'ana chitsulo basi?"

Ndinali ndikuyang'ana chitsulo basi. Lolemba ndinafukula makhadi onse a ntchito, aja amayenda ndi kachidutswa kalikonse, pamene bambo aja ankalembapo nthawi yoyambira ndi zilembo zawo zopendekera. Ndinawayala pansi m'labu, a mzere wakuda mbali ino, opanda mzere mbali iyo. Sipanatenge nthawi. Kachidutswa kamodzi kankatenga pafupifupi kota ya ola, ndipo tonse ta mzere wakuda tinali titayambidwa pakati pa kota tu thwelofu ndi thwelofu. Chinandiimitsa tsitsi n'chakuti kamene kayambidwa mochedwa, mzere wake unkakhala pansi, ndipo koyambidwa mofulumirirako, mzere unkakwera m'mwamba. Chinachake chinkachitika thwelofu koloko, ndipo chinkapeza makina pa leya iliyonse imene afikapo.

Masiku awiri ndinasanduka wapolisi. Ndinakayikira magetsi, kuti mwina amatsika anthu akayatsa maketulo kukantini. Wamagetsi anandiseka. Ndinakayikira chitseko chachikulu cha malole, kuti mwina chimalowetsa mphepo yozizira, koma chinkatsegulidwa m'mawa. Ndinakayikira ngakhale dzuwa, kuti mwina limalowa pawindo masana, kenako ndinakumbukira kuti chipindacho chilibe windo, ndipo kuno dzuwalo n'losowa ngati shuga wa m'nyumba ya mphunzitsi kumapeto kwa mwezi.

Lachitatu ndinatsika monga mwa masiku onse, mutu uli kwina. Makina ankalira, chopopera utsi chikubangula, nyali yofiira ili pamwamba pa chitseko cha laser. Bambo aja anali maso pa sikirini. Kenako kunakhala zii, belu linayamba, iwo anavula kapusi, ine ndinatsinzina. Tili pakati pa pemphero, funso linandilowa m'mutu lokha: kodi belu la kawailesi kakang'ono chotere ndimalimva bwanji? Makina amenewa akamalira, munthu amachita kukufuulira m'khutu. Ndinatsegula maso. Nyali ija inali yachikasu. Titati ameni, anavala kapusi, natambasula dzanja, nadina batani, nyali n'kufiiranso.

Ndinali nditaona chala chimenecho pa batani limenelo kambirimbiri. Ndinkayesa ndi mmene ntchito imayendera.

"Bambo, mumaimitsa makina?"

"Nanga ndizitani? Lamulo likuti laser ikamayaka, maso asachoke pa sikirini. Ine sinditha kupemphera maso ali pa sikirini. Ndikaona thwelofu yayandikira, ndimadikira leya ithe, ndimaimitsa, belu likatha ndimapitiriza. Pakati pa mzere sindiimitsa, sindine chitsiru. Mphindi ziwiri, zitatu, zikavuta zinayi. Chitsulo sichidziwa n'komwe."

Ndinanyamula kachidutswa kanga n'kukwera masitepe.

Yankho lonse linandifikira m'basi pobwerera, ndikusanthula manotsi anga a sukulu ya madzulo. Timasingano tija sitibadwa chitsulo chikadali chotentha kwambiri. Timadikira chizizire kufika penapake. Makina akamayala leya pamwamba pa leya osapuma, kachidutswa konse kamakhala kotentha, timasingano sitinabadwe, ndiye moto wa leya yotsatira ulibe choti ufewetse. Timadzabadwa tonse pamodzi pamapeto, touma, toyera. Koma makina akapuma mphindi zochepa, leya yomwe yatha imazizira, timasingano timabadwa, ndipo leya yotsatira ikabwera ndi moto wake imatipeza tilipo n'kutifewetsa. Mzere wakuda unali malo amene chitsulo chinapatsidwa mpata wopuma. Ndinaseka mokweza m'basimo, mayi amene anakhala pafupi nane n'kusuntha chikwama chake. Moyo wanga wonse sindinamvepo kukoma kotero chifukwa cha kumvetsa chinthu.

Chimwemwecho sichinafike pa siteji yanga. Pantchito za ndege, chinthu chimene wachita osachilemba pakhadi ndi mlandu, chikhale chabwino kapena choipa. Munthu amene waimitsa makina miyezi isanu osalemba paliponse sapatsidwa mendulo. Kuti ndidziyeretse, ndinayenera kunena kumene mzerewo ukuchokera. Ndinayesa kuganiza zongouza injiniya kuti tiyese kupumitsa makina, ngati nzeru yangayanga, koma mtsikana uja sanali wogona. Akanafunsa kuti nanga mizere yakale ija inabwera bwanji, ndipo makhadi anali pomwepo ndi nthawi zake.

Lachinayi m'mawa, nthawi ya tiyi, ndinawapeza bambo aja atakhala pa bokosi la zida. Ndinawayalira zithunzi ndi makhadi pa bondo, n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera kapu ili m'manja.

"Ukundiuza kuti belu ndi limene lawakonzera chitsulo chawo? Anthu a madigiri onsewa?" Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwe. Kenako kuseka kunatha pang'onopang'ono. Anayang'ananso makhadi aja, nthawi zolembedwa ndi dzanja lawo lomwe. "Ndiye iwo akuti mzerewu ukuchokera kuti?"

"Akuti ndikuwotcha ndi chimpeni."

"Iweyo?"

"Eya. Mawa akandiuza ngati ndikukhala kapena ayi."

"Akhala akukunena kuyambira liti?"

"Mwezi wathawu."

"Ndipo iwe umabwera pano tsiku ndi tsiku osandiuza?"

"Sindinkadziwa kuti ndi inu, bambo."

Anatsanulira tiyi wotsala m'sinki, natsuka kapu mosamala, naipachika. Ndinayembekeza kuti atukwana, ndipo zikanandipepukira akanatukwana. M'malo mwake anatulutsa magolovesi m'thumba, nawaika pa benchi, nandipempha zithunzi zija. Ndinawaona akukwera masitepe kupita ku ofesi ya woyang'anira za malamulo a ntchito, mapewa ali chowerama, zithunzi zanga zili m'manja.

Masana omwewo injiniya anapanga yekha tizidutswa tiwiri, kena kosapuma, kena kopuma pakatha leya iliyonse. Anaima pambali panga ndikudula, ndikukwecha, ndikudontheza asidi, ndipo ulendo uno sindinapse mtima. Koyamba kanatuluka koyera monga mwa masiku onse. Kachiwiri ndinamusiyira kuti ayambe ndiye kusuzumira. Atasuzumira anatulutsa mawu amene sindingawalembe pano. Nditasuzumira ine, chitsulo chinali chakuda kuyambira pansi, leya ndi leya, kupatula kachipewa koyera pamwamba penipeni, kamene amakapala kale pomaliza. Anandigwira paphewa n'kupepesa, mothamanga monga mwa kalankhulidwe kake, koma anapepesa ndithu. Msonkhano wa Lachisanu unafafanizidwa. Kupuma kuja anakulowetsa m'pulogalamu, ndipo mpaka lero makina amenewo amaima okha pakatha leya iliyonse.

Kwa bambo aja zinayenda mwina. Tizidutswa tonse ta miyezi isanu anatichotsa pa umboni chifukwa panalibe amene akanalumbira kuti tinapangidwa motsatira khadi. Chidindo chawo anawalanda, kunena kuti n'kwa kanthawi, n'kuwatumiza kumalo otsukira ziwalo, kumene amayambira anthu ongolembedwa kumene. Palibe amene anawakalipira. Zonse zinachitika mwaulemu.

Patapita sabata, woyang'anira malamulo uja anabwera ku labu ndi lipoti la kafukufuku. Poti mayeso anali anga, ndinayenera kuliwerenga n'kusaina kuti zolembedwazo n'zoona monga mmene ndikudziwira. Ndinawerenga tsamba la zitsulo mosangalala, chifukwa zithunzi zanga zinalimo. Tsamba lomaliza linali la bambo aja. Panali funso lakuti, kodi panali wina amene ankaona makina akuimitsidwa? Pansi pake, ndi zilembo zopendekera zija, analemba kuti ayi, nthawi zonse ankakhala okha.

Ndinawerenga mzere umenewo katatu. Munthu wa m'labu amene waona makina akuimitsidwa kambirimbiri osanena kanthu, kaya ankadziwa tanthauzo lake kaya ayi, sangapatsidwe chidindo. Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo iwonso ankazidziwa polemba.

"Pali choti muwonjezere?" anafunsa woyang'anira uja, akuyang'ana foni yake.

Ndinaganiza za mabasi awiri a m'bandakucha opita kwa okalamba, ndi za achemwali akundiyang'ana osanena kanthu. Ndinati palibe, ndipo ndinasaina. Chidindo changa chinabwera sabata yotsatira m'kaenvelopu kofiirira.

Tsiku lomwe ndinasainalo ndinatsika kumalo otsukira. Ndinawapeza atavala epuloni ya labala ndi magolovesi ofika m'zigongono, akukwecha chitsulo china ndi bulashi. Kawailesi kaja anali atakasiya kuchipinda cha laser.

"Bambo, mwalemba bodza."

Sanatembenuke. "Wawerenga?"

"Ndawerenga."

"Wasaina?"

"Ndasaina."

"Wachita bwino. Ukanapanda kusaina ndikanakumenya ndi bulashi iyi." Anatsuka chitsulo chija ndi madzi, nachitembenuza, nayang'ana ngati mwatsala mafuta. "Koma tamvera. Masana usamabwerenso kuno. Anthu a mapepala aja si opusa. Akakuona waima pambali panga thwelofu koloko, ayamba kuwerengera m'mbuyo."

Ndinafuna kukana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti zimenezo sizingatheke, kuti ndizibwerabe, aone amene akuona. Mawu amene anatuluka anali akuti, "Chabwino, bambo."

Chidindo chawo sichinabwerere. Anapuma ntchito nyengo yozizira yomweyo, pafupifupi chaka nthawi yawo isanakwane, ndipo ndinamva kwa wamagetsi uja, Lolemba, atapita kale Lachisanu. Miyezi yonse imene anakhala kumalo otsukira, kuchokera pa chitseko cha labu yanga kukafika pamene ankaima panali masitepe khumi ndi anayi ndi kakhonde kamodzi. Sindinatsikekonso ngakhale tsiku limodzi. Anandiuza okha kuti ndisabwere, n'zoona. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti kuwamvera sikunandivute.